Kalina ndi Maluwa Ogona Tulo

Kalina ankafuna mzere wakewake wa nsawawa. Mzere umodzi basi.

Kalina ndi bambo ake anali ndi kadimba kunja kwa tauni. Kadimbako kanali pakati pa timadimba tambiri. Koyandikana nako kanali ka a Bolek. Kumbuyo kunali mpanda. Kuseri kwa mpanda kunali nkhalango. Nkhalangoyo inkafika mpaka kufupi ndi sukulu ya Kalina.

Nyengo yozizira inatha. Chipale chofewa chinasungunuka. Anthu anatulutsa makasu awo.

Bambo ake a Kalina sankadzala potsatira kalendala. Iwo ankatsatira maluwa oyera a m'nkhalango.

"Maluwa aja akamasula, ndiye kuti dothi lafunda," ankatero. "Dothi likafunda, timadzala nsawawa."

Koma chaka chimenechi bambo anaterereka pa masitepe. Mwendo unathyoka. Mwendo unalowa m'chikhakha. Kunkhalango kunali matope, ndipo ndodo zawo zoyendera zinkatitimira.

"Kalina mwanangu, ukhale maso anga," anatero bambo. "Uzikaona maluwa. Koma osathyola. Amafota msanga."

"Tikachedwa, Ababa?"

"Kutentha kudzatipeza. Nsawawa sizidzabereka."

Lolemba m'mamawa, Kalina anadzera kunkhalango popita kusukulu. Maluwa analipo. Koma anali otseka, mitu ili zyoli.

"Amasula?" anafunsa bambo madzulo.

"Sanamasule, Ababa."

Lachitatu m'mamawa anadzerakonso. Mitu zyoli.

"Amasula?"

"Sanamasule, Ababa."

Lachisanu m'mamawa anadzerakonso. Mitu zyoli! Maluwa aulesi bwanji!

Loweruka onse awiri anakwera basi kupita kudimba. Kumwamba kunali mitambo. Bambo anakhala pabenchi, mwendo uli tambalale.

A Bolek anasuzumira pampanda. A Bolek anali ndi ndevu zambiri, ndiponso mawu ambiri.

"Aneba, mukudikirabe maluwa?" anafunsa akuseka. "Ine ndinadzala kalekale. Inu mudzadzala pa Khirisimasi, kutazizira kale!"

"Musatiseke, achimwene," anayankha bambo. Koma anayang'ana paketi ya mbewu mwankhawa.

Kalina anapsa mtima. Anatenga buledi wake wa tchizi. Anatsegula kageti. Analowa m'nkhalango. Anakhala pa chitsa.

"Maluwa inu, tamverani," anatero Kalina. "Lero kulibe sukulu. Sindichoka pano mpaka mumasule."

Maluwa anangoti zii.

Kalina anadya theka la buledi. Anadikira.

Nkhono inadutsa pa nsapato yake. Anadikira.

Anadya theka linalo. Anadikirabe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako mitambo inasuntha. Dzuwa linalowa pakati pa mitengo. Linafunditsa mphuno ya Kalina. Linafunditsanso maluwa.

Duwa limodzi linadzutsa mutu. Lina linadzutsa mutu. Pang'onopang'ono linamasula ili, linamasula ilo. Pofika masana, pansi ponse panali mbuu!

Kalina anathamanga.

"Ababa! Ababa! Amasula! Amangogona tulo! Amadzuka dzuwa likawala!"

Bambo anadzimenya pachipumi.

"Ogo! Ndine mbuli ine! Ine ndimapitako masana. Iwe umapitako m'mamawa. Ndinaiwala kukuuza!"

"Ndiye tachedwa?" Kalina anafunsa.

"Sitinachedwe. Tidzala lero lomwe."

Koma bambo anayang'ana kunkhalango. Anayang'ana mwendo wawo. Anakhumudwa. Chaka chilichonse ankawaona maluwawo ndi maso awo.

Kalina anayang'ana wilibala ya a Bolek.

"A Bolek, tibwerekeni wilibala."

"Mukanyamule chiyani? Manyowa?"

"Ayi. Ababa."

A Bolek anaseka mpaka ndevu zinagwedera. Anayala thumba m'wilibala. Bambo anakwera, mwendo uli m'mwamba. A Bolek anakankha. Kalina anatsogola.

Kwii, kwii, inalira wilibala.

"Aneba, mumadya miyala kapena?" anadandaula a Bolek.

"Kankhani, achimwene. Mawu achepe!"

Anafika pachitsa paja. Bambo anaona maluwa. A Bolek anaonanso maluwa. Anawerama kuti awaonetsetse.

Atabwerera, Kalina anakoka chingwe. Analemba mzere ndi kamtengo. Anaika mbewu imodziimodzi. Anakwirira bwinobwino.

Masabata anadutsa. Chikhakha chinachoka. Nsawawa zinakwera timitengo. Zinachita maluwa. Zinabereka.

Kalina anathyola makoko atatu oyamba. Limodzi anapatsa bambo. Limodzi anapatsa a Bolek. Lachitatu anatsegula yekha.

"Zatsekemera!" anatero a Bolek. "Chaka chamawa ndidzale liti, Kalina?"

"Ndidzakuuzani," anatero Kalina, pakamwa pali tho. "Koma ndidzapitako masana."