Sipika Yodwala Lachisanu

Moni, okondedwa owerenga. Tiyamike Mulungu amene watisunga mpaka lero.

Yuleidy anali mlembi pa tchalitchi china chaching'ono mumzinda wa Cali. Tsiku lina sipika yopanda waya inakana kulumikizana ndi kompyuta, nyimbo za kwaya zinangoti zii. Abusa Ospina anaitana Ferney, wokonza makompyuta wa kutsidya kwa mtsinje.

Ferney anapeza kuti apudeti, pulogalamu yatsopano yolowa yokha, ndiyo inasokoneza zinthu. Atakonza, anatsekanso zonse zimene kompyuta imatumiza mwakachetechete ku kampani yoipanga.

"Zinsinsi za nkhosa za Ambuye zisamapite kwa alendo, mlongo," anatero akumwetulira.

Kumwetulira kumeneko kunamulowa Yuleidy mpaka m'mafupa. Nanga akanamuonanso bwanji? Lachisanu lotsatira Yuleidy anafufuta dala sipikayo mu kompyuta kuti isalumikizanenso, n'kumuimbira foni. Ferney anabwera. Sabata inayo anabwera ndi mapandebono, timabanzi ta tchizi, otentha m'kapepala. Chikondi chinaphuka, koma dzanja la Yuleidy silinaleke kufufuta sipikayo Lachisanu lililonse, poopa kuti sipika ikachira mnyamatayo adzazilala.

"Duwa langa," Ferney analemba pa foni, "sipika yakoyi ndiidalitse kapena ndiitemberere? Ine sindidzakunamiza, ngakhale pa kanthu kochepa."

Yuleidy anayankha ndi kachithunzi ka mtima wofiira.

Abusa anatopa nazo. Pamaso pa akulu ampingo ananena kuti mnyamatayo ntchito saidziwa, ndipo mawuwo anafika m'matchalitchi ena amene ankamuitana. Ferney anachotsa zonse mu kompyuta n'kuikamo mwatsopano, anasala kudya, anakayikira ngakhale nzeru zake. Yuleidy ankamuyang'ana ataweramira makinawo, maso ali gwa, ndipo salimo lija loti pamene ndinakhala chete mafupa anga anakalamba linkamulasa mumtima.

"Ferney, siya. Si apudeti ayi. Ndine."

Anafotokoza zonse akuyang'ana pansi. Ferney sanakalipe. Anakulunga zingwe zake pang'onopang'ono.

"Yuli, ukanangonena kuti bwera, ndikanawoloka mtsinje ngakhale wapansi. Unkamva akundinyoza, iwe uli phee?"

Madzulo omwewo Yuleidy anakaulula kwa abusa, ndipo Lamulungu anaimirira pamaso pa mpingo kuyeretsa dzina la Ferney, nkhope ikutentha ndi manyazi. Amayi ena anang'ung'udza, achinyamata anabisa kuseka. Ferney sanabwere. Anangotumiza uthenga waufupi: "Ndamva, zikomo. Ndakukhululukira, mlongo."

Mlongo! Osatinso duwa.

Pamene mpingo unaimirira kuyimba nyimbo yotsekera, sipika inalira bwinobwino kuyambira ndime yoyamba mpaka Ameni, osadukiza ngakhale pang'ono. Yuleidy anaphimba nkhope n'kulira.

Ambuye akusungeni, owerenga, ndipo akupatseni mtima wonena poyera kuti "bwera" kwa amene mumamukonda.