Muvi m'Dzanja la Elifala

Monika ankakhala m'mapiri a ku Ntchisi, masiku a Chitaganya. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kulowa m'nyumba ya zinthu zakale.

Nyumbayo anaimanga atsibweni ake, a Stefano. A Stefano anali munthu woyenda. Ku Halale anafika. Ku Joni anafika.

"Kumeneko zakale amazitsekera m'magalasi," anatero a Stefano. "Kwanga kuno ayi. Onani ndi maso, gwirani ndi manja."

Loweruka Monika analowa. Analowa ndi mlongo wake wamng'ono, Elifala. Anaona makasu akale. Anaona mikanda. Anaona ng'oma. Pamphasa panali uta ndi mivi.

"Chakuda kunsongachi ndi ulembe," anatero a Stefano. "Ukangolowa pabala, njati imagwa."

A Stefano ankafotokoza, ankafotokozabe. Monika anacheuka.

Elifala anali atatola muvi.

Nsonga yakuda inali pafupi ndi tsaya la Elifala.

A Stefano anaona. Anatsegula pakamwa.

"Atsibweni, musakuwe," Monika ananong'ona. "Athamanga nawo. Agwa."

Monika anagwada. Anatambasula manja awiri.

"Achimwene, ndipatseniko," anatero.

Elifala anamwetulira. Palibe amene anali atamutchulapo achimwene. Anakumbukira mwambo wa amayi. Mwana sapereka chinthu mwachisawawa. Dzanja lamanja limapereka. Lamanzere limagwira pamkono.

Elifala anachita zomwezo. Pang'onopang'ono. Pang'onopang'ono. Monika anaugwira muviwo kunthenga.

Kenako anayang'ana zala za Elifala. Anayang'ana tsaya. Panalibe bala.

A Stefano anakhala pansi, thukuta lili kamukamu.

"Ndikhoma loko," anatero. "Mwana salowanso muno."

"Nanga ife zakale tizizionera kuti?" anafunsa Monika.

"Magalasi ndilibe, mphwanga."

Monika anayang'ana kudenga.

"M'chigafa fodya timam'pachika m'mwamba," anatero. "Mbuzi zimamuona, koma sizimufikira."

A Stefano anatenga luzi. Anamanga mivi pamtanda wa denga. Anamanga ndi uta womwe. Mikanda anaisiya pansi. Ng'oma anaisiya pansi.

Loweruka lina ana anadzaza nyumba. Maso anafika pamivi. Manja sanafike. Elifala anaimba ng'oma. Monika anavala mikanda.

A Stefano anaseka.

"Ku Halale ndinafika. Ku Joni ndinafika," anatero. "Koma nzeru iyi ndaipeza kwathu konkuno."