Wachiwiri Sauzidwa

Tsiku limene anakumana, mwamunayo anali atakhala pabenchi yolakwika.

"Pepani bambo, apo ndi pa osewera anga," anatero mphunzitsi wamkazi wa zamasewero, wezulo ikulendewera pakhosi.

"Ndiye mundilembe m'timu, Kochi. Kuthamanga sinditha, koma kuwomba m'manja ndine katswiri."

Kochi sanaseke. Anamulozera mpando wapulasitiki pafupi ndi ndowa ya madzi, n'kubwerera kwa atsikana ake.

Mwamunayo anali wothandizira mphunzitsi wa basiketibolo pakoleji ina. Ntchito yake inali kuyenda m'masukulu a sekondale kusaka ana aatali oti akawasule kukolejiko, ndipo anzake ankangomutchula kuti Mlenje. Tsikulo anadzera mtsikana wa chaka chomaliza amene anzake anam'patsa dzina loti Nsungwi chifukwa cha msinkhu wake.

"Mwana uja akadumpha amaterera mwendo umodzi," anatero masewero atatha. "Bondo limenelo silikhalitsa. Ndipatseni nambala yanu tizikambirana."

Nambala anaipereka chifukwa cha bondo. Koma nkhani ya bondo sinachedwe kutha, mauthenga n'kuyamba kubwera a mtundu wina.

"Wadzuka bwanji, Kaputeni wa mtima wanga?"

"Masukulu onse ndazungulira, koma maso anga anakodwa pabwalo limodzi lokha!"

Kochi ankawerenga m'chipinda cha aphunzitsi, foni ili pansi pa tebulo ngati mwana wobera mayeso. Mkulu wake, telala amene ankakhala naye nyumba imodzi, ankangomuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Munthu wodya ndi pakamwa ameneyo, mng'ono wanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Achemwali, inu mumakayikira ngakhale dzuwa!"

Loweruka lililonse Mlenje ankabwera. Ankaika bokosi lamatabwa pakati pa bwalo, Nsungwi n'kumadumphapo, kutera ndi miyendo yonse iwiri, mawondo atapinda. Kenako ankam'manga dzanja lamanja kumbuyo ndi lamba kuti lamanzere liphunzire kugunditsa mpira. Ntchito ankaidziwa, pamenepo panalibe bodza.

Tsiku lina ali m'chipinda chosungira mipira, Kochi akupopa, Mlenje akugwirira singano, foni ya Mlenje inalira. Anali bambo wa mtsikana wina wa kusukulu ina.

"Bambo, mwana wanu timamuganizira tsiku ndi tsiku," anatero Mlenje, mawu ali ngati uchi. "Angodikira pang'ono, nthawi yake ikubwera. Asalole koleji ina imunyenge."

Atadula, Kochi anasiya kupopa.

"Kodi malo a kukoleji aja si amodzi? Si a Nsungwi?"

"Ndi ake. Koma pamalo amodzi timasaka awiri. Woyamba akhoza kuthyoka mwendo, kapena kutembenuka mtima mawa. Wachiwiri umamusunga wofunda. Umamuimbira, umamuyamikira, koma tsiku sum'patsa."

"Nanga iye amadziwa kuti ndi wachiwiri?"

"Wachiwiri sauzidwa, Kaputeni. Akadziwa amathawa."

"Mapanga awiri avumbwitsa, iwe."

"Kuntchito kwathu lovumbwitsa ndi phanga limodzi," anaseka.

"Ndiye woyamba akasayina umatani?"

"Ndimatumiza uthenga waulemu. 'Uli ndi mtima wabwino ndipo tsogolo lako ndi lowala. Vuto si iwe, malo ndiwo achepa. Usafooke.' Basi. Mawu amenewa sanandikhumudwitsepo."

Kochi anam'mvera chisoni mtsikana wosamudziwayo. Anapukusa mutu, n'kupitiriza kupopa.

Nsungwi anasayina. Mwezi womwewo mphunzitsi wamkulu anaitana Kochi mu ofesi. Panapezeka mwayi wa maphunziro a ukochi, chaka chathunthu, kutali ndithu. Anali atauyembekezera kuyambira tsiku limene anayamba ntchito.

"Usapite, wokondedwa," anatero Mlenje, atagwira manja ake onse awiri. "Ukachoka ine nditsala ngati bwalo lopanda mpira. Ndikulonjeza, mphete ikubwera."

"Liti?"

"Dikira pang'ono, mipikisano ithe. Nthawi yathu ikubwera."

Kodi mawu amenewo sanawamvepo penapake? Anawamva, akupopa mipira m'chipinda chija. Koma chikondi chimagonthetsa makutu. M'mawa mwake anakauza mphunzitsi wamkulu kuti mwayiwo apatse wina, ndipo anapatsadi wina.

Mipikisano inatha, mphete osaoneka. Kenako kunabwera mayeso a ophunzira. Kenako amayi ake a Mlenje anadwala. Mauthenga okha sankasowa, m'mawa uliwonse ngati mankhwala a kuchipatala.

"Ndimakuganizira tsiku ndi tsiku, Kaputeni wanga!"

"Wam'funsa tsiku?" anatero mkulu wake, mapini ali pakamwa.

"Akuti posachedwa."

"Posachedwa si tsiku. Pakalendala palibepo."

Uthenga wina unafika Lolemba masana, Kochi ali pabwalo ndi atsikana atsopano. Anali atawaikira bokosi lomwe lija, akuwaphunzitsa kutera ndi miyendo iwiri. Foni inanjenjemera m'thumba la buluku.

"Kaputeni, ndaganiza kwambiri. Uli ndi mtima wabwino ndipo tsogolo lako ndi lowala. Vuto si iwe. Usafooke."

Anawerenga kamodzi kokha. Kachiwiri kunalibe chifukwa, pakuti mawuwo ankawadziwa pamtima. Munthuyo anangochotsapo za malo ochepa zija, zina zonse anasiya momwemo!

Anakhala pansi, pabenchi yomwe anathamangitsapo Mlenje tsiku loyamba. Mtima unamupweteka kwambiri, koma chimene chinaposa ululuwo chinali manyazi. Anauzidwa zonse poyera, masana, iye akupopa mipira ndi kumvera chisoni mwana wa eni.

Sanaimbe. Sanafunse kuti walakwa chiyani. Analemba mawu awiri okha.

"Wasayina liti?"

Yankho linachedwa. Mlenje wa mawu ngati madzi uja ankalemba, kufufuta, kulembanso.

"Ndani? Ukunena chiyani, Kaputeni?"

"Woyambayo."

Atsikana anali ataima pamzere kuseri kwa bokosi, akumuyang'ana.

"Ndinamuveka mphete Loweruka. Pepa. Ndinkafuna kukufotokozera bwinobwino. Wakuuza ndani?"

"Iwe wemwe," analemba Kochi. "M'chipinda cha mipira."

Anazimitsa foniyo, n'kuiponya m'chikwama. Madzulo ankayenera kukayang'anizana ndi magalasi a mkulu wake, ndipo mnzake amene anam'siyira mwayi uja anali atanyamuka kale.

"Aphunzitsi, tidumphe?" anafunsa mtsikana wakutsogolo.

Kochi anaimirira, n'kuika wezulo pakamwa. Mpweya unakana. Anaichotsa, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Dumphani," anatero. "Koma muzitera ndi miyendo yonse iwiri."