Laputopu ya a Maseko

Ine sindikhulupirira zilizonse, koma izi ndinaziona ndi maso angawa. Ndimasoka zovala pakhonde la shopu ya Silvester, wokonza makompyuta pa Ntcheu Boma. Mukamufunse, ngakhale sakonda kuzikamba.

Tsiku lina masana, kunja kutachita mdima wa mvula, kunabwera mayi Regina a ku Nsipe, laputopu atayikulunga m'chitenje. Amuna awo, a Maseko, anamwalira ku Joni n'kuikidwa komweko. Kumudzi kunangofika chikwama. Mnzawo amene anabweretsa chikwamacho anati malemuwo anajambula mawu otsanzikana ndi mkazi wawo, ali m'laputopumo.

Silvester anayatsa. Mawuwo analimodi, koma makinawo anali duu.

"Sipika ndi zabwinobwino, mayi," anatero. "Vuto ndi kapulogalamu kokhala pa bodi ya m'kati mwa makinamu, timati BIOS. Ndi kamene kamadzutsa makina n'kuuza sisitemu ziwalo zomwe zilipo. Aka n'kakale, sikakutchula sipika, ngakhale zibowo za fulashi. Kwa sisitemu, zinthuzo kulibe."

"Ndiye sindiwamva?"

"Ndikaikamo katsopano muwamva. Koma batire inafa. Magetsi akathima ndili pakati, makina afa, ndipo mawuwo sitiwapezanso."

Ine ndinati adikire mvula ipite. Ndani amamvera telala? Mayiwo anali atadikira kokwanira.

Silvester anayamba kuikamo kapulogalamu katsopanoko, kamzere n'kuyamba kuyenda pa sikirini. Kanafika pakati. Mphezi inang'anima, magetsi phethi.

Silvester anagwira mutu. Magetsi atabwera anadina batani, anadinanso. Zii. Anazula chingwe pakhoma, n'kukhala pansi. Ndinamva chisoni chosaneneka, mpaka ndinalephera kuwayang'ana mayiwo.

Kenaka m'shopumo munamveka fungo la fumbi. Fumbi louma, la miyala, ngati la m'migodi ya ku Joni, kunja kukugwa mvula.

Wina anatsokomola.

Sitinali ife. Chinali chifuwa chouma, cha munthu wotopa, chochokera m'sipika zija. Chingwe chili m'manja mwa Silvester.

"Nangozo," anatero mawu a mwamuna, chapansipansi, kuitana mayiwo ndi mfunda wawo. "Kuno n'kuti?"

Mayi Regina sanathawe. Kwathu kuno, wakufa akamabwera naye kuchokera kutali, amamuuza njira, mtsinje uliwonse akamawoloka. Chikwama chija chinangoponyedwa m'basi ngati katundu wamba, popanda wochilankhula.

Mayiwo anagwada pasimenti.

"Mwafika, Maseko," ananong'ona. "Kuno ndi ku Ntcheu. Kwatsala ku Nsipe."

M'sipikamo munamveka kupuma kwautali. Fungo lija linatha.

Silvester anayesa nzeru zake zonse mpaka madzulo, koma bodiyo sinadzukenso. Zomwe a Maseko anajambula palibe anazimva, ndipo palibe adzazimve.

Mayiwo anakulunga laputopu, n'kuibereka kumbuyo ngati mwana. Kondakitala wa minibasi imene anakwera anandiuza kuti pa mlatho uliwonse ankatembenuzira mutu kumsana, n'kutchula dzina la mtsinje.