Mchere pa Makutu a Mphepo

Pofika chaka cha 2088, ndege zonyamula anthu kuchoka ku Nsanje kupita ku Madagascar zinkauluka popanda woyendetsa. Zinkadalira nsanja zoyandama panyanja yamchere, zimene anthu ankazitcha makutu a mphepo. Pansanja iliyonse panali tizitsulo totumizirana kaphokoso kosamveka kwa munthu. Mphepo ikavunduka, kaphokosoko kankasokonekera, ndipo kompyuta inkauza ndege kuti ilambalale malowo.

Amene anapanga makinawa anali Zaithwa Kachingwe, injiniya wa ku Chiromo.

Chilimwe china makutuwo anayamba kunena kuti panjira yachidule, imene inatsekedwa kalekale chifukwa cha mphepo, pagwa bata. Zaithwa anayerekeza nsanja zonse ndipo zinkagwirizana. Analola kuti njirayo itsegulidwe.

Paulendo woyamba panali mchimwene wake Lonjezo, amene ankabwerera kuntchito yake yauphunzitsi kutsidyako.

"Achemwali, kodi nyanja ingasinthe khalidwe chonchi?" anafunsa Lonjezo pabwalo la ndege.

"Makutu onse akunena chimodzimodzi, achimwene. Sanganame onse pamodzi. Kwerani, musaope."

Masana omwewo ndegeyo inalowa mumphepo yaukali, inathyoka phiko n'kugwera m'madzi. Ena anapulumutsidwa, koma Lonjezo sanapezeke.

Zaithwa anapita pa boti kunsanja yapafupi ndi pamalo angoziwo, pamodzi ndi injiniya mnzake, bambo Malizani. Atakwera pamwamba anapeza tizitsulo tonse titayera mbuu. Zaithwa anakanda ndi chikhadabo n'kulawa.

"Ndi mchere," anatero chapansipansi. "Madzi a mafunde amaumira pamenepa. Makinawa tinawayesa m'dzinja, bambo Malizani, mvula ikuwatsuka. Chaka chino mvula yachedwa."

"Nanga kompyuta sinatichenjeze bwanji, mayi?"

"Ndinaiphunzitsa kutaya zizindikiro zosamveka bwino. Mchere utachuluka, inayamba kutaya zonse zosonyeza chimphepo, n'kutsala ndi bata lokhalokha. Nsanja zonse zinagontha pamodzi. N'chifukwa chake zinkagwirizana."

Malizani anangomugwira mkono pomutsitsa pamakwerero.

Patapita nthawi akuluakulu oyang'anira ndege anaika maloboti otsuka tizitsuloto ndi madzi opanda mchere, ndipo maulendo anayambiranso. Zaithwa anakonza malobotiwo yekha, kenako anasiya ntchito n'kukakhala ndi mlamu wake, mkazi wa malemu Lonjezo, kumuthandiza kulera ana. Mlamuyo sanamunenepo kanthu ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezi n'zimene zinkamupweteka kwambiri.

Mpaka ukalamba wake, Zaithwa akamva wina akunena kuti zonse zili bwino, ankayamba wadzifunsa ngati wonenayo akumvabe.