Bulu wa Hawa Aphunzira Kubwerera M'mbuyo

Hawa anali ndi bulu. Dzina lake anali Matemba.

Matemba anali wamphamvu. Ankasenza mpunga. Ankasenzanso Hawa. Koma ankadziwa njira imodzi yokha: kutsogolo. M'mbuyo ayi. Cham'mbali ayi.

Njira za m'minda ya mpunga ku Likangala ndi zopapatiza. Uku madzi, uku madzi. Matemba akaima, njira yatsekeka. Anthu ankadandaula.

Bambo ake a Hawa anali Che Jamali. Iwo anakulira m'bwato. Kwa iwo, chilichonse choyenda chinali bwato basi.

Tsiku lina Che Jamali anatenga nsungwi yokankhira bwato. Anamukankha Matemba pachifuwa. Matemba naye anakankha. Anamukoka mchira. Matemba anaima nji. Che Jamali anaterereka, m'matope khuvu. Podzuka anati ankafuna kale kusamba.

Koma mtima wawo unawawa. Anati kukolola kukangotha, bulu ameneyu akamugulitsa kumsika wa ku Kachulu. Tsiku limenelo Hawa sanadye.

M'mawa anapita kukhola. Anaona ntchentche itatera pa Matemba. Khungu la Matemba linanjenjemera. Hawa anaganiza. Bulu womva ntchentche angalephere kumva dzanja?

Anaika dzanja pachifuwa pa Matemba. Analiika mofewa.

"Bwerera, Matemba."

Anadikira. Anadikirabe. Mwendo umodzi unasuntha. Hawa anachotsa dzanja msanga. Anamukanda m'khosi.

Kenako anaika dzanja m'nthiti.

"Sendera, Matemba."

Anadikira. Matemba anasendera. Hawa anachotsa dzanja msanga. Anamukanda m'khosi.

Mawa lake anachita chomwecho. Mkuja chomwechonso. Kenako anayesa atakwera pamsana. Chingwe pang'ono, bulu wabwerera. Chidendene pang'ono, bulu wasendera. Mwana ameneyu anali ndi mtima woleza ngati kakowa wodikira nsomba.

Kukolola kunafika. Hawa anakwera Matemba. Che Jamali ankatsatira pambuyo.

Pakati pa minda anakumana ndi a Makisoni, ogulitsa nsomba. Panjinga pawo panali dengu lalikulu ngati chitseko. Uku madzi, uku madzi. Njinga inaima. Bulu anaima.

A Makisoni ankamudziwa bwino Matemba. Anafunsa ngati abwere ndi mphasa, agone pomwepo. Anthu okolola anaseka. Che Jamali anakwinya nkhope. Anayamba kupinda malaya.

"Ababa," anatero Hawa, "tapatukani pang'ono. Tikubwera kumeneko."

Anagwira chingwe mofewa.

"Bwerera, Matemba."

Matemba anabwerera. Phazi, phazi, phazi. Anafika potakasuka.

"Sendera, Matemba."

Matemba anasendera. Njira inatseguka.

A Makisoni anadutsa pakamwa pali yasa. Anayang'ana m'mbuyo kwambiri, njinga inatsala pang'ono kulowa mu mpunga. Okolola anaomba m'manja.

Che Jamali anakanda mutu.

"Wamumenya ndi chiyani?"

"Sindinamumenye, Ababa. Ndinamupempha. Akavomera, ndimasiya."

"Ku Kachulu sapita," anatero Che Jamali. "Ndinkangomuopseza."

Atafika kwawo, anayang'ana uku ndi uku. Sanaone munthu wina. Anapempha Hawa awaphunzitse. Anaika dzanja lawo lalikulu pachifuwa pa Matemba.

"Pang'ono, Ababa. Pang'ononso. Tsopano dikirani."

Mayi ake a Hawa ankapeta mpunga pakhonde. Anabisa nkhope m'lichero.

Bulu anaphunzira msanga. Che Jamali akuphunzirabe.