Nkhunda za Nthenga

Tsiku limene adokotala anamuuza kuti asiye kumwa mankhwala, Nthenga sanamvenso china chilichonse. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu, poti matenda anamuwondetsa mpaka kupepuka. Kwa zaka ziwiri thupi lake linkadzimenya lokha: asilikali a m'magazi, m'malo molimbana ndi tizilombo, ankamudya m'mawondo ndi m'zala. Mankhwala aja ankawagoneka asilikaliwo.

"Matenda akhala pansi, koma chitetezo chako sichinadzuke," anatero adokotala. "Pirira miyezi inayi. Fumbi la zitosi usaliyandikire."

Kuseri kwa nyumba kunali khola la nkhunda zake, limene bambo ake, kalipentala, anamukhomera asanadwale. Nthawi yonseyi ankangoziona pawindo.

"Bambo, ine ndachira. Mapilisi mukuwaonanso?"

"Pakamwa pokha ndiye wachiradi," anayankha bambowo akunola sowo. "Dikira, mwanangu. Kholalo ndizisesa ndine."

"Inu mumasesa ngati mukupala thabwa! Mazira awiri munaswa aja mwaiwala?"

Loweruka bambo anapita kukapachika chitseko kwa kasitomala. Nthenga anatenga tsache n'kulowa m'khola. Fumbi linati kobo, iye n'kuyetsemula kwinaku akuseka. Ananyamula kamwana ka nkhunda, n'kukagunditsa patsaya.

Patatha sabata ziwiri anayamba kutsokomola, thupi lili moto. Anagona m'chipatala mwezi wathunthu, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno. Adokotala anati tizilombo ta m'zitosi tinalowa m'mapapo, ndipo panalibe woti n'kutiletsa. Mayeso a kusukulu anamupita ali pabedi.

Atabwerera kunyumba anapeza kuseri kuli mbee. Panangotsala maenje anayi a mizati.

"Nkhunda zako ndinazipereka kwa munthu wina kutali uko," anatero bambo ake, maso ali pansi. "Ukanakhala iwe ukanatani?"

Masana ake Nthenga anamva kukupiza kwa mapiko padenga. Nkhunda zija zinali zitabwerera. Zinazungulira pamene panali khola, zinatera, zinaulukanso, kusowa polowera. Imodzi inadzatera pawindo lake, n'kumamuyang'ana ndi diso limodzi.

Bambo anatola mwala, koma dzanja linakana kuponya.

"Musazigende, bambo," anatero Nthenga. "Ingozipirikitsani. Mawa musazipatsenso madzi, zizolowere kwatsopanoko."

Anatsokomola kwa nthawi yaitali, atagwira pachifuwa. Kenako anatseka windo yekha, n'kukoka katani.